Kampani yapeza phindu, nanga bwanji oyendetsa ndege akadali pakhomo?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zathu watumiza imelo, ndipo funso lake ndi ili: "Mwana wanga akumaliza maphunziro oyendetsa ndege, ndipo mtima wake uli pa makampani a ku America a ndege zing'onozing'ono zonyamula anthu olemera ndi akuluakulu a bizinesi. Ndinawerenga kuti kampani ya NetJets inaimitsa ntchito oyendetsa ndege pafupifupi 500, chaka chomwecho n'kupeza phindu lalikulu, koma anthu aja osawaitananso msanga. Kodi zimenezi si nkhanza? Nanga mwana wangayu akadzalowa ntchito yotere, tiziyang'ana chiyani kuti tidziwe ngati ntchito yake ili pabwino?"

Mayi, zimene munawerengazo n'zoona. Mu Novembala 2009 NetJets inalengeza kuti iimitsa oyendetsa ndege 495, ndipo anthuwo anasiya ntchito mu Januwale 2010. Chaka cha 2010 chisanathe kampaniyo inali itapeza phindu la madola 207 miliyoni msonkho usanachotsedwe, ndipo mu 2011 phindulo linakwera kufika pa 227 miliyoni. Koma anthu aja anakhalabe pakhomo zaka zingapo. Yankho langa ndi lakuti phindu si limene limaitana woyendetsa ndege. Chimene chimamuitana ndi mpando wopanda munthu kutsogolo kwa ndege, ndipo mipando imeneyi imawerengedwa potengera kuchuluka kwa ndege zimene zikuuluka, maola amene zikuuluka, ndi anthu amene akuchoka pantchito. Zinthu zitatuzi zimatha kuyenda njira yosiyana kotheratu ndi phindu.

Kuti zimveke, tiyambe ndi mmene kampani yotereyi imapezera ndalama, chifukwa si yofanana ndi makampani ogulitsa matikiti amene tinawazolowera.

NetJets, yomwe likulu lake lili ku Columbus m'chigawo cha Ohio, imagulitsa magawo a ndege. Njira imeneyi anaiyambitsa ndi Richard Santulli mu 1986. Ndege imodzi amaiwerengera maola 800 pachaka. Munthu akagula gawo limodzi mwa magawo 16, amakhala ndi maola 50 pachaka, ndipo wogula theka la ndege amakhala ndi maola 400. Mwini gawoyo amalipira katatu: mtengo wa gawolo pogula, ndalama ya mwezi ndi mwezi yosamalira ndege yomwe imalipira oyendetsa, inshuwalansi, maphunziro ndi maofesi, komanso ndalama ya ola lililonse limene iye ali m'ndegemo. Akaimba foni, kampani iyenera kumubweretsera ndege m'maola ochepa kulikonse kumene ali. Nthawi zambiri ndege imene imabwerayo sikhala yake yeniyeni, imangokhala ya mtundu womwewo kapena yoposerapo. Ndiye ndege zimauluka maulendo ambiri zopanda munthu, kupita kukatenga wina kapena kubwerera kumene zikufunika, ndipo maulendo amenewa amafunanso oyendetsa awiri ngakhale palibe amene akulipira ola limenelo mwachindunji.

Mumgwirizano wa eni magawo muli chinthu chimodzi chimene chinadzaluma kampaniyi kwambiri. Nthawi ya mgwirizano ikatha, kawirikawiri zaka zisanu, mwini gawo ali ndi ufulu wobweza gawo lake, ndipo kampani imaligula pamtengo wa pamsika wa nthawi imeneyo. Zinthu zikakhala bwino palibe vuto, gawolo limapeza wogula wina mawa lake. Koma taganizani zimene zinachitika banki ya Lehman Brothers itagwa mu Sepitembala 2008. Anthu ambiri anafuna kutuluka nthawi imodzi, ogula atsopano kunalibe, ndipo mitengo ya ndege zogwiritsidwapo kale ntchito inatsika koopsa. Pamwamba pa izo panabwera manyazi. Mu Novembala 2008 akuluakulu a makampani atatu opanga magalimoto ku Detroit anapita ku Washington kukapempha thandizo la boma atakwera ndege zawo zapadera, ndipo aphungu anawadzudzula pamaso pa dziko lonse. Kuyambira pamenepo mabwana ambiri anayamba kuopa kuoneka akutsika ndege yotere. NetJets inapezeka ili ndi ndege zambirimbiri zimene yazigulanso ndi ndalama zangongole, zopanda mwini wolipira ndalama ya mwezi, mtengo wake ukugwa tsiku ndi tsiku, kwinaku ndege zatsopano zimene inaitanitsa kale zikubwerabe kuchokera kufakitale.

NetJets ndi ya Berkshire Hathaway, kampani ya Warren Buffett yokhala ndi makampani ambiri pansi pake, yomwe inaigula mu 1998 pamtengo wa madola 725 miliyoni. M'kalata yake kwa eni masheya yokhudza chaka cha 2009, Buffett sanabise mawu. Ananena kuti ngongole ya NetJets inakwera kuchoka pa madola 102 miliyoni pamene ankaigula kufika pa 1.9 biliyoni mu Epulo 2009, ndipo kuti pakanapanda Berkshire kuiimira pangongoleyo, kampaniyo ikanatseka. Chaka chimenecho inaluza madola 711 miliyoni. Mu Ogasiti 2009 Santulli anachoka ndipo David Sokol ndiye anatenga chiwongolero.

Tsono apa mpamene pali mfundo imene anthu ambiri amaidumpha. Mwa madola 711 miliyoni aja, 676 miliyoni anali a kutsitsa mtengo wa ndege m'mabuku ndi ndalama zochepetsera kampani. Kutsitsa mtengo m'mabuku kumatanthauza kuti ndege imene inalembedwa kuti ndi ya madola 20 miliyoni, mwachitsanzo, tsopano ikagulitsidwa ingapite pa 13 miliyoni, ndiye owerengera ndalama amalemba kusiyanako ngati ndalama zotayika chaka chimenecho. Zimenezi zimalembedwa kamodzi. Chaka chotsatira sizibweranso. Mukachotsa 676 pa 711 mutsala ndi 35 miliyoni basi. Choncho kudumpha kochoka pa kuluza 711 kufika pa kupindula 207 kukuoneka ngati kampani yadzuka kwa akufa ndipo ntchito yachuluka, pamene gawo lalikulu la kusinthako ndi lakuti chilonda cha m'mabuku chija sichinabwerezedwe. Gawo lotsalalo linachokera ku kudula zowonongera: kuthetsa maoda a ndege zatsopano, kugulitsa ndege zopanda eni, kubweza ngongole kuti chiwongoladzanja chichepe, ndi kuchepetsa antchito. Kunena mosapsatira, malipiro a anthu 495 aja amene sanaperekedwe ndi mbali ya phindu la 2010. Phindulo silinali chizindikiro chakuti anthu aja akufunikanso. Mwa zina, linalipo chifukwa iwo kunalibe.

Nambala imene oyendetsa ndege anayenera kuiyang'ana ndi ina: mu 2009 maola olipiridwa anatsika ndi 19 peresenti, ndipo ndalama zochokera ku kugulitsa ndege ndi magawo zinatsika ndi 77 peresenti. Nambala yachiwiriyo ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa magawo amene sanagulitsidwe lero ndi maola amene sadzauluka zaka zisanu zikubwerazo.

Mmene amawerengera anthu ofunika

Ndege iliyonse imafuna anthu awiri kutsogolo, kaputeni ndi womuthandizira. Ku NetJets ndondomeko yodziwika kwambiri ndi ya masiku asanu ndi awiri pantchito, masiku asanu ndi awiri kunyumba. Ndiye kuti ndege imodzi ikhale yokonzeka tsiku lililonse pamafunika anthu anayi. Onjezanipo tchuthi, matenda, masiku a maphunziro obwereza chaka ndi chaka, ndi malamulo a boma okhudza maola opuma, mufika pa anthu pafupifupi asanu pa ndege imodzi. Kampani ikachotsa ndege 100 pagulu lake, mipando pafupifupi 500 yatha. Kuti mipandoyo ibwerere pamafunika ndege 100 zina zowonjezera, osati madola 200 miliyoni m'buku.

Ndipo ngakhale maola atayamba kukwera, kampani siyamba ndi kuitana anthu. Imayamba ndi kudzaza mpata umene ulipo kale. Pambuyo pa kugwa kwa msika ndege iliyonse imauluka maola ochepa kuposa mmene ingathere, ndipo oyendetsa amene atsala amakhala masiku ena m'hotelo akudikira ulendo. Maola akhoza kukwera ndithu popanda kufunika munthu mmodzi watsopano. Mpata umenewo ukadzaza, kampani imapempha omwe alipo kuti agwire masiku owonjezera pamalipiro okwera. Izi zimaoneka zodula, koma n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kubweza munthu amene akufunika maphunziro, inshuwalansi ya chipatala ya banja lake lonse ndi ndalama za penshoni. Pamasiku otanganidwa kwambiri, monga nthawi ya Khirisimasi kapena ya Thanksgiving, kampani imabwereka ndege ndi oyendetsa ake ku makampani ena kuti anyamule eni magawo. Njira zonsezi zikatha mphamvu, apo mpamene kalata zoitana anthu zimayamba kulembedwa.

Chinthu chachitatu, anthu ochoka pantchito, chinawagwira pakhosi anthu a 2010 kuposa mmene ambiri amaganizira. Nthawi zabwino kampani imataya oyendetsa chaka chilichonse: ena amapuma, ena amadwala, ena amapita ku makampani akuluakulu monga Delta, United kapena FedEx. Aliyense wochoka amasiya mpando, ndipo mpandowo umapita kwa woyamba pamzere wa odikira ngakhale kampani isakukula. Koma mu Disembala 2007 dziko la America linakweza zaka zopumira za oyendetsa ndege za makampani akuluakulu kuchoka pa 60 kufika pa 65. Kwa zaka zisanu, mpaka Disembala 2012, anthu opuma chifukwa cha ukalamba m'makampani amenewo anali ochepa kwambiri, ndiye makampaniwo sankalemba anthu ambiri, ndipo oyendetsa a ku NetJets analibe kopita. Komanso lamulo la zaka 65 lija silinkakhudza ndege zapadera, choncho kaputeni wa zaka 67 amene wapambana mayeso a chipatala ankapitiriza kuuluka, makamaka poti ndalama zimene ambiri anasungira ukalamba zinali zitagwa limodzi ndi msika wa masheya. Khomo lotulukira linali lotseka, ndiye khomo lolowera linatsekanso.

Mwina munawerenganso za maoda akuluakulu a ndege amene kampaniyi inalengeza nthawi yomweyo. Mu Juni 2012 inalengeza oda ya ndege zofika 425 kuchokera ku Bombardier ndi Cessna, ya madola 9.6 biliyoni. Kwa munthu amene wakhala pakhomo zaka ziwiri ndi theka, nkhani yotere imabaya mtima. Koma taiwerengani bwino. Mwa ndege 425 zija, zotsimikizika zinali 125 zokha. Zina 300 zinali mwayi wogula m'tsogolo ngati kampani ifuna, ndipo mwayi wotere sukakamiza aliyense. Ngakhale zotsimikizikazo zinali zoti zizibwera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo zambiri zinkalowa m'malo mwa ndege zakale zimene zinkachotsedwa. Ndege yatsopano ikalowa, yakale n'kutuluka, chiwerengero cha mipando sichisintha. Chimene chimasintha ndi chakuti oyendetsa a ndege yakale ija amapita kukaphunzira yatsopano.

Chifukwa chake kuimitsa ndi kuitana kumachedwa

Mawu amene amagwiritsidwa ntchito m'makampaniwa ndi furlough, ndipo ndi osiyana ndi kuchotsedwa ntchito. Munthu salandira malipiro, koma dzina lake limakhalabe pamndandanda wa oyendetsa ndege a kampaniyo, ndipo ali ndi ufulu woitanidwa kampani isanalembe munthu aliyense wakunja. Mndandandawu amautcha seniority list, ndipo umayalidwa potengera tsiku limene munthu analowa ntchito. Wolowa pomaliza ndiye woyamba kuimitsidwa, ndipo poitana amayamba ndi amene analowa kale pakati pa oimitsidwawo. Luso, maola amene munthu waulukapo kwina, ngakhale ukaputeni wa zaka makumi awiri ku kampani ina, zonsezi sizisuntha dzina lake ngakhale mzere umodzi.

Dongosolo limeneli limateteza anthu ku kukondera, koma limadyera kampani ndalama zambiri. Woyendetsa ndege saloledwa kuuluka ndege ya jeti iliyonse. Mtundu uliwonse uli ndi chilolezo chakechake chotchedwa type rating, chomwe chimafuna masabata angapo m'kalasi ndi mu simulator, makina aja ofanana ndi kutsogolo kwa ndege amene amayesereramo kuuluka, ndipo mtengo wake ndi madola masauzande makumi angapo pamunthu mmodzi. Tsono tinene kuti ndege zimene zachotsedwa ndi zapakatikati, zoyendetsedwa ndi anthu amene akhala zaka khumi pakampani. Anthu amenewo saimitsidwa. Oimitsidwa ndi apansi pamndandanda, omwe ambiri ndi othandizira makaputeni pa ndege zing'onozing'ono. Kaputeni wa ndege yochotsedwa ija amasamukira pa mtundu wina n'kukankha amene ali pansi pake. Wokankhidwayo amatsika kuchoka pa ukaputeni kukhala wothandizira, malipiro ake n'kutsika, ndipo nayenso amakankha wina. Kusuntha kulikonse ndi maphunziro atsopano, ndipo munthu ali pamaphunziro amalandira malipiro osaulutsa ndege. Kuimitsa munthu mmodzi pansi kukhoza kubala maphunziro a anthu awiri kapena atatu pamwamba.

N'chifukwa chake kampani yoganiza bwino siimitsa anthu chifukwa cha miyezi itatu yoipa. Owerengera m'makampani a ndege amadziwa kuti furlough yosakwana chaka, kapena chaka ndi theka, nthawi zambiri sibweza ndalama zake. Ku NetJets, asanafike poimitsa anthu, mu 2009 anayamba ndi njira zodzipereka: kupuma msanga, tchuthi chachitali, kuchepetsa masiku antchito. Zitalephera kukwanira mpamene anadula 495. Ndiye kampani ikafika polengeza furlough, dziwani kuti yawerengera kale kuti anthuwo sadzafunika kwa nthawi yaitali. Ndipo mantha omwewo amagwira ntchito pobwerera. Kuitana anthu 100 kumatanthauza kukweza ena kukhala makaputeni, kusuntha ena ku ndege zazikulu, kudzaza ma simulator kwa miyezi. Bwana amene waitana anthu msanga, msika n'kugwanso, walipira maphunziro kawiri pachabe. Choncho amadikira kufikira atatsimikiza.

Munthu woitanidwa sangofika n'kukwera ndege. Choyamba pamabwera kalata ku adiresi imene kampani ili nayo, ndipo pamakhala masiku owerengeka oti ayankhe. Kenaka mayeso a chipatala a gulu loyamba, omwe kwa woyendetsa wa laisensi yapamwamba ya ATP amatha mphamvu pakatha miyezi 12 ngati sanakwane zaka 40, ndi miyezi 6 ngati wakwanitsa. Pali kuyezedwa mankhwala osokoneza bongo, kufufuza mbiri yake, ndi kutenga zolemba zake ku makampani amene wagwirako ntchito pakatipa. Akatero amalowa m'kalasi kuphunziranso malamulo a kampani, kenaka simulator ya mtundu wa ndege imene wapatsidwa, yomwe mwina si imene anasiya, kenaka mayeso, kenaka maulendo angapo limodzi ndi kaputeni wophunzitsa. Miyezi iwiri imatha mosavuta. Malire enieni amakhala ma simulator ndi aphunzitsi, chifukwa oyendetsa amene ali kale pantchito nawonso ayenera kulowamo kuti abwereze mayeso awo. N'chifukwa chake kuitana kumachitika m'magulu ang'onoang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo munthu wapansi pamndandanda akhoza kudikira chaka china chathunthu kuchokera pamene woyamba anaitanidwa.

Kodi ndi nkhanza?

Pa kuimitsa kwenikweni kwa Januwale 2010, sindikuona kuti masamu ananama. Ndege zinachepa, maola anachepa, ngongole inali itafika m'khosi. Koma sindinganene kuti oyendetsa ndege analibe chodandaula chomveka. Ulendo uliwonse umene kampani inapereka kwa ndege zobwereka pamene anthu ake ali pakhomo unali ntchito imene ikanatha kukhala yawo, ndipo pamenepo kusankha kunali kwa mabwana, osati kwa msika. Tsiku lililonse lowonjezera limene woyendetsa wotsala anavomera kugwira linachedwetsanso mnzake, ndipo nkhani imeneyi imagawanitsa anthu kwambiri m'bungwe lawo, chifukwa wotsalayo nayenso ali ndi ana asukulu ndipo mwina watsitsidwa paukaputeni. Chimene chinawawa kwambiri ndi chakuti pazokambirana za mgwirizano watsopano wa malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito, kampani yopeza phindu inkapemphabe antchito kuti alolere kutaya zina mwa zimene anali nazo. Bungwe la oyendetsa ndegewo, NJASAP, linafika pochita zionetsero ku Omaha pamsonkhano wapachaka wa eni masheya a Berkshire. Mu Juni 2015 mkulu wa kampaniyo, Jordan Hansell, anachoka, Adam Johnson analowa, ndipo mgwirizano watsopano unavomerezedwa mu Disembala chaka chomwecho.

Apa mpamene phindu limagwira ntchito yake yeniyeni. Silitsegula mipando, koma limapereka mphamvu patebulo la zokambirana. Kampani yopindula singanene kuti ilibe ndalama zokwezera malipiro. Phindu limathandizanso kuti kampani ipirire nyengo yoipa yaifupi osaimitsa anthu, ndipo limatsimikizira kuti kampaniyo idzakhalapobe tsiku loitana likadzafika. Mfundo yomalizayi si yaing'ono. Kampani ya Avantair ya ku Florida, yomwe inkagulitsa magawo a ndege za Piaggio Avanti, inaimitsa ndege zake zonse ndi antchito ake mu Juni 2013, ndipo sinadzukenso. Ufulu woitanidwa ku kampani yakufa ndi pepala chabe. Anthu 495 a ku NetJets anadikira nthawi yaitali, koma anali ndi kobwerera.

Zitsanzo ziwiri za posachedwapa zikuonetsa mbali inayo. Mu 2020, matenda a Covid atafika, maulendo anagwa mwadzidzidzi kuposa mu 2009, ndipo nthambi ya NetJets ya ku Ulaya, yomwe ili ku Portugal, inachepetsa antchito. Koma patangopita miyezi yochepa kampaniyo inalengeza kuti ikuwabweza oyendetsa ndege aja, chifukwa anthu olemera amene ankaopa mabwalo a ndege odzaza anathamangira ku ndege zapadera, ndipo maola anabwerera msanga. Palibe amene anadikira lipoti la phindu la chaka chonse. Pofika 2021 NetJets inachita kuimitsa kaye kugulitsa makadi a maola, amene munthu amalipiriratu maola ouluka osagula gawo la ndege, chifukwa ndege ndi oyendetsa sizinkakwanira. Kwinaku kampani ina ya ndege zapadera, Wheels Up, inaluza madola 555 miliyoni mu 2022, komabe chaka chimenecho inkasakasaka oyendetsa ndege chifukwa inali itagulitsa kale maulendo amene inayenera kuwauluka. Kampani yoluza inkalemba anthu, pamene yopindula ya mu 2011 inali ndi anthu pakhomo. Koma dziwaninso kuti Wheels Up inafika pofuna kupulumutsidwa mu 2023 ndi ndalama zokwana madola 500 miliyoni zochokera ku gulu lotsogozedwa ndi Delta. Kulemba anthu kwa kampani yoluza kumadalira kuleza mtima kwa amene akuithira ndalama.

Zoti mwana wanu aziyang'ana

Asanaganize za zonsezi, adziwe kuti makampani aakulu a ku America amafuna laisensi ya ATP ya bungwe la boma loyang'anira za ndege la FAA, yomwe mwachizolowezi imafuna maola 1,500, komanso chilolezo chogwira ntchito m'dzikomo. Zikatheka zimenezo, funso loyamba kudzifunsa ndi lakuti pansi pake pamndandanda pali anthu angati. Mu 2010 NetJets inali ndi oyendetsa pafupifupi 3,000, ndiye 495 anali ngati munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aliwonse. Munthu amene wangolowa kumene, pansi pake pali anthu makumi awiri okha, ali pamphepete ngakhale kampani ikupindula bwanji. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira asamange moyo wake ngati kuti malipirowo ndi osatha: ngongole ya nyumba ndi ya galimoto zikhale zoti akhoza kuzinyamula ndi ntchito yotsikirapo, ndipo asunge ndalama zokwanira miyezi ingapo. Aganizirenso kawiri asanachoke pamene wakwera kale n'kukayamba pansi kwina, chifukwa wolowa kumapeto kwa nyengo yolemba anthu ambiri ndi amene amadzakhala woyamba kutuluka.

Aziwerenga chiwerengero cha ndege zimene zikuuluka chaka ndi chaka, atachotsa zotuluka pa zolowa. Aziona ngati maola akukwera kapena akutsika, ngati eni magawo akuwonjezeka kapena akubweza, ndiponso mitengo ya ndege zogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa ndege zogulitsa zikayamba kuchuluka pamsika, mavuto a makampani a magawo amakhala ali panjira. M'kati mwa kampani zizindikiro zimabwera motsatana: makalasi a anthu atsopano amayamba kuimitsidwa, kukweza anthu kukhala makaputeni kumaima, masiku owonjezera amasowa, kenaka kampani imayamba kupempha odzipereka kupita kutchuthi chopanda malipiro. Akaona chachinayichi, makalata ofunsira ntchito kwina akhale atatumiza kale, chifukwa tsiku la chilengezo anthu mazana amathamangira ntchito zomwezo.

Mgwirizano wa bungwe la antchito auwerenge yekha, makamaka ndime zitatu. Ina ndi yonena za ufulu woitanidwa: umatha pakapita zaka zingati, popeza migwirizano imasiyana, ndiponso ngati zaka zokhala pakhomo zimawerengedwa pamakwerero a malipiro. Ina ndi yonena za kupempha kudumphidwa, kutanthauza kuti akaitanidwa ali pakati pa kontrakiti ina, angathe kunena kuti muyambe mwaitana ena popanda kutaya malo ake, ndipo angatero kangati. Yofunika koposa ndi yoika malire pa ntchito imene kampani ingapereke kwa ndege zobwereka, makamaka pamene pali anthu ake oimitsidwa. Kampani yopanda bungwe la antchito ikhoza kugwiritsa ntchito mawu omwewo a furlough popanda lonjezo lililonse lolembedwa, ndiye afunse asanasaine.

Zikamugwera, malamulo a ku America amamupatsa zinthu zochepa zoti agwire. Kampani ya antchito 100 kapena kuposerapo iyenera kupereka chenjezo la masiku 60 isanaimitse anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo lamulo lotchedwa COBRA limamulola kupitiriza inshuwalansi ya chipatala mpaka miyezi 18, ngakhale ayenera kulipira yekha mtengo wonse, womwe ndi wolemera kwa banja lopanda malipiro. Chimene chimawononga anthu ambiri ndi kusiya kuuluka. Kuti anyamule anthu amafunika kukhala atanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo, ndipo olemba ntchito amayang'ana maola a miyezi 12 yapitayo kuposa maola onse a moyo wake. Ntchito yophunzitsa mu simulator, yonyamula katundu usiku, kapena ya kontrakiti kunja kwa dziko, ngakhale malipiro ake atakhala otsika, imamusunga pamsika. Mayeso a chipatala asawalole kutha mphamvu. Olemba ntchito ena amafuna kuti munthu alembe kalata yosiyiratu malo ake pamndandanda wa kampani yakale asanamulembe, poopa kuti adzawathawa akadzaitanidwa. Kalata imeneyo asaisaine mopupuluma, chifukwa ikapita sibwezedwa. Ndipo nthawi iliyonse akasamuka nyumba kapena kusintha nambala ya foni, adziwitse kampani ndi bungwe la antchito mwa kulemba, n'kusunga umboni. Migwirizano yambiri imati munthu amene sanayankhe kalata yomuitana m'masiku oikika amatengedwa ngati wasiya ntchito yekha, ngakhale kalatayo itakhala kuti inapita ku nyumba imene anachokako zaka zitatu zapitazo.